Malilime Awiri

Mmawa ndine wogulitsa.
Ndidzuka mabasi a ku Chilenje asanayambe kuliza mahutala,
ndipaka polishi wofiira pakhonde,
ndikankhira kabati pamene khoma linang'aluka
chaka chija mvula inagwa sabata yathunthu.
A Sichone afika ndi akazi awo
ndi ejenti wa nsapato zosongoka,
agogoda khoma langa ndi chala
ngati akusankha chivwende pamsika wa Soweto.
"Denga ili silidontha?"
"Ayi, ngakhale dontho," nditero,
chidebe nditachibisa pansi pa bedi.

Masana ndine wogula.
Nditsika ku Chalala fumbi lili m'nsidze,
Mai Lupiya anditsegulira geti,
ndipo chala changa, chosachita manyazi,
chigogoda khoma lawo.
"Matailosi awa ndi osweka, mayi.
Msewu ulibe phula.
Chitsime chanu chimaphwa mu Okutobala, anthu andiuza."
Palibe anandiuza.
"Tsitsaniko pang'ono."

Usiku malilime onse awiri agona m'kamwa mwanga
osalankhulana.

A Sichone akudikira banki.
Banki ikudikira loya.
Loya akudikira chidindo cha ku ofesi ya malo,
ndipo wa chidindoyo akuti ali kumaliro ku Petauke.
Mai Lupiya akufuna zawo mwezi usanathe,
amuna awo ali pamzere wa opaleshoni.
Ndalama zimene sindinazigwire ndazidya kale,
ndazilonjeza, ndazisainira,
ndagulira makatani a mazenera amene si anga.
Mapanga awiri avumbwitsa, ndikudziwa,
koma ndani anasamukapo
phazi limodzi lisanayambe lalendewera?

Loweruka a Sichone anabweranso ndi tepi.
Anayeza kuseri, kuyambira pampopi mpaka pampanda,
naima pansi pa mtengo wa mapeyala.
"Uwu tidula. Pano pakwana zipinda zitatu za lendi."
Pansi pake ndinakwirirapo mchombo wa Tisauke.
Bambo ake anamangapo katungwe wa thayala,
nthambi ikadali ndi chipsera cha chingwe.
"Malo adzakhala anu," ndinatero,
ndipo ndinalowa kukawiritsa madzi a tiyi
amene palibe anapempha.

Pafelemu ya chitseko pali mizere ya pensulo:
Tisauke, zaka zinayi. Ganizani, zisanu ndi ziwiri.
Ganizani atandipitirira.
Ejenti akuti pakani penti, zimatsitsa mtengo.
Bulashi ndinagula. Ikadali m'pepala lake.

Lachiwiri ku Chalala
ndinapempha kuonanso chipinda chogona.
Mai Lupiya atapita kukayankha foni
ndinakankha wodilopu yawo pang'ono chabe.
Mng'alu, kuchokera kudenga mpaka pansi,
wokhota ngati Kafue pamapu,
mphwake weniweni wa wanga uja.
Nditacheuka anali pakhomo,
foni m'manja, maso pa zala za kumapazi.
Ndinali ndi mawu okonzeka, akuthwa,
okwana kudula masauzande makumi awiri.
Ndinabwezera wodilopu pamalo pake.
"Ndi yolemera," ndinatero.
"Ndi ya mukwa," anayankha.
Tinatuluka kukaona mapapaya awo.

Chidindo chinagwa pa twente-eyiti.
Ndalama zinalowa nthawi ya teni, zinatuluka isanakwane thu,
zinangodutsa mwa ine ngati madzi m'paipi.
Kwa maola anayi ndinali wolemera
ndiponso wopanda pogona.

Lero lole yaima pakhomo.
Anyamata akukangana ndi firiji pamasitepe,
aneba akuwerenga mipando yanga ali kuseri kwa makatani.
Ndathyola mapeyala asanu osakhwima,
mwina nthanga imodzi idzavomera dothi la miyala la kumeneko.
Felemu sindinaipake.
Makiyi ndawamanga pa kansalu, atatu,
wa kukhitchini umafuna kuunyamulira m'mwamba potsegula,
ndalemba pa kapepala.

Chidebe ndachisiya.
Ndachiika pakati pa chipinda chopanda kanthu,
masitepe awiri kuchokera pazenera,
pamene dontho loyamba limagwera
mitambo ikachokera cha ku Kafue.
A Sichone ndi anthu ophunzira.
Adzamva.