Nsalu Yomwa Phula

Mbuzi yanga, ija ya banga pamphumi,
inafa ndi mimba yokhuta.
Tchale ataing'amba pansi pa bwemba
anasolola majumbo khumi ndi anayi,
opotana ngati chingwe cha pachitsime,
lina likuwerengekabe dzina la golosale ya pa Nchalo.
Sindinalire. Ndinangowawerenga kawiri.

Mlamu wanga Zuze ali ndi ming'oma
m'mitengo ya kumalire a Lengwe.
Akafinya uchi, zisa amataya kudzala.
Ndinakatola, ndinawiritsa m'chitini,
kusefa pa chidutswa cha neti yakale,
ndipo m'mawa phula linali litayandama pamadzi,
lachikasu, lozungulira,
mwezi woti n'kuunyamula m'manja.

Nsalu ndinadula ku chitenje cha paukwati wa Fulanzisika,
ukwati umene sunaone mvula ziwiri.
Chinapirira ndi chitenje chokha.

Koyamba ndinachulutsa phula.
Nsalu inauma gwa, chikopa choiwalika padzuwa,
nditapinda inangoti thyo.
Kachiwiri simbi inapsa mtima,
n'kusiya chidindo chakuda pakati pa maluwa.
Ana a Nyakhuwa anaseka kuseri kwa mpanda,
akuti mayi aja ayamba kusita nyumba za njuchi.

Kachitatu ndinapala phula ndi mpeni,
tinyenyeswa topyapyala ngati mamba a makakana,
madontho atatu a mafuta a chitowe,
pepala pansi, pepala pamwamba,
makala ofatsa m'mimba mwa simbi,
dzanja likuyenda ngati mponda bwato
amene safuna kudzutsa mvuu.
Nsalu inamwa.
Maluwa ofwifwa aja anadzuka.
Ndinaigwira nsonga ziwiri, kuikupiza pakhonde,
ndisanapume kasanu inali itauma.

Imamva dzanja, nsalu imeneyi.
Ukaikumbatiritsa kukamwa kwa mbale
imafewa ndi kutentha kwako, n'kugwira,
osapempha mfundo kapena mphira.
Ntchentche zimatera, kuzungulira,
kuchoka ngati alendo opeza chitseko chotseka.

Bambo a Minezhi amapalasa njinga tambala asanalire
kukadula nzimbe.
Ndinawakulungira chigumu cha mapira
ndi mbatata ziwiri za kudimba.
Ndinaiwala kuti uno ndi Okutobala,
kuti dzuwa la kuno limafewetsa
ngakhale phula la pamsewu wa ku Bangula.
Anabwera madzulo thumba la malaya lili noninoni,
njuchi zitatu zikuwaperekeza.
"Akazi ena amatuma ana kulonda amuna awo,
inu mwatuma njuchi."
Anasamba m'manja, anakhala chete pang'ono.
"Komatu chigumu chinafika masana chili chofewa,
phulusa la m'munda silinachikhudze."

Masiku ano amaibisa pamthunzi, pansi pa masamba a nzimbe.
Ine ndimaitsuka ndi madzi a mumtsuko, ozizira,
kuyanika pomwe dzuwa silisuzumira.
Nyama yaiwisi sindikulungamo, mlamba ayi.
Ikachita makwinya oyera ngati chidendene cha m'chilimwe
ndimaibwezera pansi pa simbi,
imatuluka ili namwali.

Nyakhuwa uja anabwera Lachinayi,
chitenje chakale m'khwapa,
akuyang'ana kumbali.

Nthawi zina posita ndimaganiza:
kapena thonje ili linachoka m'munda wa mayi ku Ngabu,
linakwera sikelo ija inkatibera,
linakwera mapiri, linagona kumafakitale,
n'kubwerako litavala maluwa, lili ndi mtengo wina.
Tsopano lakumana ndi thukuta la njuchi za kwathu.
Likadzatopa, ndidzayatsira mbaula,
lidzanunkhira uchi komaliza,
palibe chotsala choti mphepo ikapachike paminga,
palibe choti Shire akanyamule.

Kamwana ka mbuzi ija,
kamasiye kokulira phala la m'botolo,
dzulo kanaimirira ndi miyendo iwiri
n'kuyamba kubudula ngodya ya nsalu pachingwe.
Ndinakalanda, ndinakakalipira,
koma mtima sunadumphe.