Indiketa ya Anselmo

Loweruka ku Valparaíso, mphepo ikukwera mtunda ndi fungo la doko,
Anselmo waika nyale ya galimoto mu uvuni wa mkazi wake.
Akuti guluu afewe, galasi litseguke ngati nkhono.
Ximena waima pakhomo, mtanda wa buledi uli m'manja,
sakunena kanthu. Kusanenako kukumveka mpaka kuseri.

Mtundu wa kufakitale wamukwana, akutero,
mtundu wa lalanje lovunda.
Akufuna galasi lodera ngati utsi
ndi timababu toyaka motsatana, kamodzikamodzi,
ngati ana otsika masitepe a Cerro Alegre.

Madzulo walumikiza mawaya, chala china chili mu tepi.
"Maite, ima kumbuyo undiuze!"
Mwana akuwerama, akufa nacho chiseko:
"Ikuthamanga ngati mtima wa mbalame yogwidwa, Papá!"
Phethi-phethi-phethi, osapuma.

Kakusowa kachitsulo kena, kogula Lolemba.

Usiku buledi akununkhako pulasitiki.
Onse akudya, wodandaula palibe.
Panja, poti waiwala kuzimitsa,
Lada yakale ikulozabe kumanzere,
kumanzere, kumanzere,
komwe kulibe msewu,
nyanja yokhayokha.