Mndandanda Wafika pa Gombe la Sadarghat

Mwana wanga Nurul wanditumizira mndandanda pa foni:
mizinda ya dziko lonse, aindandalika
ngati ana asukulu tsiku lotsekera.
Tizilemboto maso anga satha kutigwira,
ndiye wandiwerengera ndi Mofiz wogulitsa tiyi,
chala chake chonona mkaka chikutsetsereka pa galasi.

Vienna. Copenhagen. Zurich.
Watsetsereka, watsetserekabe,
tiyi mpaka kuzizira m'kapu,
kenaka wati: Nayu Dhaka, achimwene,
kumchira kwenikweni, kotera ntchentche.
Taseka tonse, ndi wapolisi yemwe, uja sasekayu.

Akuti anayeza mpweya, anayeza misewu,
zipatala, masukulu,
ndi maola amene munthu amakalamba nawo podikira basi.
Sananame.
Buriganga ndimamudziwa ine,
zaka makumi atatu ndi zinayi ndikumupalasa:
madzi bii ngati oyilo wotsala m'injini,
nkhafi ikavuuka imabwera itavala pulasitiki.
Amake Nurul anatsokomola miyezi isanu
tisanapeze bedi kuchipatala,
titalipeza linali la anthu awiri.
Wolemba mndandandayu sindikangana naye.

Koma Nurul ali ku Singapore,
dzina limene Mofiz analipeza chala chisanatope.
Uko akuti sitima imafika pa mphindi yake,
pamsewu ukhoza kudyerapo mpunga,
ndalama zimagona m'nyumba zagalasi, zoziziritsidwa.
Mwana wanga akumanga nawo nsanjika makumi anayi.
Kukada lole imawatuta, kukawatula kunja kwa mzinda,
chipinda chimodzi amuna khumi ndi awiri,
malaya onyowa ali lendee pa mabedi osanjikiza.
Ndinamufunsa: nambala yabwinoyo nawe umanyambitako?
Anati: Abba, ndimaiona ndikakwera pamwamba penipeni.
Imaoneka bwino zedi.

Ndiye ndifunseko, inu oyeza mizinda,
sikelo yanu mumaiika pakhomo pa yani?
Ngongole ndinatenga kuti akwere ndege ija
mwailemba ku mzinda uti, wanga kapena wake?
Thukuta lake likadonthera mu simenti ya eni
n'kuuma momwemo,
limakweza dzina la ndani?
Ndalama amatumiza mwezi ukatha
ndi imene yafolera denga langa ku Keraniganj;
kodi dengalo ndi la kumutu kapena la kumchira?

Mofiz anafuna kubweza foni.
Ndinati ayi, tsitsa pang'ono,
pansi pathu pali yani?
Anawerenga maina awiri kapena atatu,
mizinda imene timaimva pa wailesi
akamanena za mabomba.
Kuseka kunathera pomwepo.
Ndinaganiza za munthu wina kumeneko,
wamsinkhu wanga, mawondo olira ngati anga,
naye akumuwerengera mndandanda womwewu
pakhomo pa nyumba yopanda mawindo,
chala chikutsika, chikutsika,
mpaka kusowa potsikira.
Mwina iye amatchula Dhaka
monga ife titchulira Vienna.

Sitima yaikulu yochokera ku Barisal yalira.
Anthu akhuthuka ngati mpunga wa m'thumba lobooka:
wina wasenza nthochi, wina makina osokera,
mtsikana wa ku fakitale wagwira nsapato m'manja
kuopa matope.
Palibe wandifunsa kuti tili pa nambala chani.
Akufuna tsidya lija belu lisanalire.

Foni ndaikulunga m'pepala la pulasitiki,
ndaiika pansi pa thabwa lokhalira,
mizinda yonse zana ndi makumi angapo
ili phee pansi pa mayi wonenepa wonyamula abakha.
Khalani pakati, amayi, bwato lingapendeke.
Mofiz, tiyi uja ndilipira pobwera.