Mtsinje Wokwawa

Ku Likhubula, m'chipinda cha lendi kuseri kwa chigayo,
ndikuumba mtsinje umene sindinauonepo.
Uli kutali, m'mapiri a eni ake,
mtsinje wa ayezi, wakuya kuposa mibawa isanu yosanjikizana,
ndipo umayenda.
Ukalimbikira tsiku lonse, umasuntha chikhatho chimodzi.

Ananditumizira manambala:
kutsetsereka kwa thanthwe, kuzizira kwa Januwale wakwawo,
kulemera kwa chipale cha zaka makumi anayi.
Ndaduladula chigwa chawocho m'timabokosi zikwizikwi
ngati mizere ya tiyi ku esiteti.
Kabokosi kalikonse kamafunsa kanzake, ukundikankha bwanji?
Kanzakeko kayankha, n'kufunsanso kakutsogolo.
Kompyuta ikundiwotcha ntchafu
powerengera kuzizira.

Pamwamba ayezi amafulumira, pansi amakakamira mwala,
m'mbali amakhulana ndi zipupa.
Amene anatsanulapo uchi m'mawa wa chiperoni
akudziwa zimene ndikunena.

Magetsi athima ndili pakati pa chaka cha 2071.
Ndiyambiranso.

A Namakhwa, malume anga,
anasenza zikwama za alendo kukwera ku Chambe zaka makumi atatu,
lero mawondo awo amalira ngati chitseko cha nkhokwe.
Anasuzumira pa sikirini.
"Ndiye amakulipira kuti uzilondera madzi ogona?"
Ndinati sakugona, malume, akukwawa.
Ndinawaonetsa zaka zana m'masekondi khumi:
lilime loyera likutsika m'chigwa,
kuima, kuwonda, kubwerera kukhosi kwa phiri.

"Ayezi ndinamuonapo ku Sapitwa," anatero,
"m'bandakucha wa Julaye, kachigamba pa mphako ya mwala.
Ndinamuponda, anangoti phwa.
Pomwe tinkatsika n'kuti atapita."
Anakanda bondo.
"Nanga lathuli? Akafunse makina akowo, lathuli liyenda liti."

Ndinasowa poyambira.
Lathuli silikwawa.
Limamwa mvula masiku atatu osanena kanthu,
n'kudikira anthu agone.
Napolo sadziwa za chikhatho patsiku.
Anatsika usiku umodzi ndi miyala yonga maminibasi,
natenga nyumba ya Felesiya, mbuzi zake zinayi,
makina ake osokera,
ndi Felesiya.
Tinapeza chopondera cha makinawo chokha
m'munda wa chinanazi wa munthu wosamudziwa.

Masamu ake ndi apachibale, ndikudziwa:
kulemera, kutsetsereka,
madzi olowa pansi kukateretsa thanthwe.
Usiku wina ndinasintha manambala atatu,
kuchotsa ayezi, kuikapo matope.
Chigwa chinadzaza ndisanaphethire,
pulogalamu inalemba zofiira n'kuuma gwa.
Ndinatseka kompyuta ngati ndaona maliro pawindo.

Ayezi wa eni ake ali ndi omuyeza.
Amamubowola, amamujambula kuchokera kumwamba,
amadziwa ndi tsiku limene anatuluka thukuta.
Phiri lathu lili ndi kope limodzi la mizere,
momwe a Mukhwapa, aphunzitsi opuma,
amalemba mvula yogwera m'chitini cha mkaka,
kupatula miyezi iwiri imene anagonekedwa kuchipatala cha mishoni.
Lilinso ndi mawondo a malume,
amene amayamba kuwawa mitambo isanaoneke.

Magetsi abwera, chigayo chadzuka.
Ndayambitsanso ayezi kuchokera chaka choyamba,
pakuti ndiye amalipira lendi.
Akwawe.
Pambali ndatsegula foda ina, ndailemba dzina la Felesiya,
muli mizere khumi ndi iwiri yokha.

Malume aima pakhomo, ayang'ana kumene Chambe amayenera kukhala,
kuli nkhungu yokhayokha.
Akuti pamwamba pa minda ya kwa Nakhonyo pali mng'alu,
chaka chatha unkalowa chala, pano ukulowa chikwanje ndi chigwiriro chomwe.
Akuti mawa tilawire, mame asanaume,
nditenge tepi yoyezera ndi kope,
kompyutayo ndisiye,
iwo sangathenso kusenzera munthu chikwama.