Diso la Kumbuyo

Khosi langa linauma m'chisanu chathachi.
Ndikacheuka limalira ngati chitseko cha kontena,
ndiye Loweruka ndinapita nayo ku Biwi,
galimoto yanga yamsana wautali ija,
imene tayala lake la sipeya limakhala pachitseko chakumbuyo
n'kutchinga theka la dziko.

Mwandida, mtsikana wa zamagetsi,
tepi yakuda ili kumano, sikuludiraiva atasomeka m'tsitsi,
anatulutsa kanthu m'kabokosi,
kakang'ono ngati nzama,
n'kunena kuti, Bambo, aka kazikuonerani.
Ndinaseka. Zaka makumi atatu ndikubweza galimoto
ndi magalasi awiri,
limodzi lomanga ndi mphira.

Anaboola pamwamba pa nambala.
Chitsulo chinalira, mano anga n'kuchita dzanzi.
Waya wofiira anamudutsitsa pansi pa kapeti
pomwe anapeza makoko a mtedza,
risiti ya mafuta ya ku Nathenje
ndi ndolo imodzi imene mkazi wanga anaifuna mpaka kutopa.
Analumikiza ku getsi la rivesi,
kagalasi n'kukakhoma pa dashibodi.
Ikani giya, anatero.

Ndipo ndinaona kumbuyo kwanga:
dothi lakuda ndi oyilo, nkhuku ikupalasa,
miyendo ya mayi wogulitsa zibwente,
mizere itatu, wobiriwira, wachikasu, wofiira,
zonse zitapindika ngati dziko lili m'supuni.
Ndinaonanso mapazi a Tsilizani
m'masilipasi osiyana mitundu.

Tsilizani ndi mwana wa malemu mlongo wanga.
Kuyambira ali sitandade faifi
ntchito yake ndi kudumpha ndikangoima,
kuthamangira kumbuyo, kumenya bodi ndi chikhatho:
Bwerani! Bwerani! Pindani pang'ono! Basi!
Mawu amenewo anandilanditsa ku ngalande za ku Mchesi,
ku mpanda wa tchalitchi ku Kawale,
komanso tsiku lina, dzuwa likulowa,
kwa mwana wokwawa amene sindinamuone n'pang'ono pomwe.
Ku Biwi kuja sanamenye bodi.
Anaima, manja m'thumba,
ndipo pakagalasi ndinaona chala chake chakuphazi
chikukumba dothi.

Sabata yonse ndinabweza ndekha,
pa depoti, pa msika wa Tsoka, pakati pa akabaza,
osacheuka, ngati bwana.
Iye ankangokhala pampando,
kumakanda foni yake yong'aluka,
m'galimoto muli zii.

Kenako mvula,
ndi ulendo wa ku Malingunde kukatula feteleza.
Titasiya phula, msewu unasanduka phala lofiira.
Tinapeza lole itatitimira mpaka m'mimba,
kumanja dimba la eni, kumanzere chigwembe,
kotulukira n'kumbuyo kokha.
Ndinaika giya. Kagalasi kanayaka.
Katondo yekhayekha,
mizere itatu ija itangoyalidwa pathope
ngati zovala zoiwalika panja.

Ndinayesa kucheuka, khosi linakana.
Sindinalankhule kanthu.
Ndinangomva chitseko,
kenako mapazi m'matope, phwa, phwa,
ndipo pakagalasi panatulukira chala
chachikulu ngati phiri la Bunda
chikupukuta, kupukuta, malovu pang'ono, kupukutanso,
mpaka nkhope yake yonse inadzaza pamenepo,
mphuno itakula kuposa mutu,
madzi akutsika m'masaya,
maso a mayi ake.
Anadziwa kuti ndikumuona.
Anatulutsa lilime.

Bodi inalira kawiri.
Bwerani, malume! Bwerani!
Kumanzere kwagumuka, musapinde!
Chigwembecho kagalasi sikankachiona,
kankangoona mawondo ake akubwerera chambuyo.
Maso anga anali pa ndalama zanga zija,
koma phazi linkamvera khutu.

Madzulo, tikudya chimanga chootcha pa Likuni,
anang'amba kansalu kumunsi kwa malaya ake akale
n'kukamangirira pachogwirira cha chitseko.
Ka diso lanu lija, anatero,
silitha kudzipukuta lokha.