Mzere wa Khumi ndi Chinayi

Lachitatu ku Sheffield kumada msanga.
Mvula ikunyambita mawindo a chipinda cha makompyuta,
aphunzitsi a Ollerenshaw akulemba pa bolodi loyera:
makina samva chilankhulo cha munthu,
amangodziwa ziro ndi wani, kuyaka ndi kuzima.
Pakati pa iwe ndi iwo pamafunika womasulira.

Omasulira alipo awiri, akutero.
Wina, kompayila, amameza pulogalamu yonse
n'kukubwezera itatembenuzidwa kale,
apo ayi akupatsa mndandanda wa zolakwa zako.
Winayo amayenda nawe mzere ndi mzere,
ukapunthwa, nayenso waima pomwepo.

Rukhsar sakulemba. Izi akuzidziwa.
Kalata ya kukhonsolo ikabwera
amaiwerenga yonse usiku pa tebulo la kukhitchini,
m'mawa n'kuuza bambo ake m'Chipashito:
akufuna ndalama za nyumba, basi.
Kuchipatala ndi nkhani ina.
Dokotala chiganizo, iye chiganizo,
bambo maso ali pakamwa pa mwana wawo
ngati mankhwala atulukira pamenepo.

Lolemba dokotala ananena liwu lalitali
atawerama pa chithunzi cha mapapo.
Rukhsar sanaime.
Anati, "Akuti mubwerenso, adzakuoneni bwino."
Bambo anagwedeza mutu, n'kuvala chipewa.

Lero pa sikirini Python wakana.
Mzere wa khumi ndi chinayi, zilembo zofiira:
watsegula bulaketi, sunatseke.
Kieran wa pambali pake akutukwana chapansipansi,
pulogalamu yake ikungozungulira
ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo.
Aphunzitsi awerama pa phewa la Rukhsar:
"Ika kadontho apa, iime.
Uiyendetse phazi limodzi limodzi,
uone chomwe dzina lililonse labisa m'kati."

Akuyendetsa. Akuona zonse poyera,
nambala iliyonse ili pamalo pake, yopanda manyazi.
Watseka bulaketi.
Pulogalamu yayenda, yawerenga masiku
kufikira Lolemba likudzalo: asanu.

Belu lalira, mipando ikukhuluzika.
M'thumba la jekete muli kapepala ka tikiti ya basi
komwe analemba liwu lija mmene linamvekera.
Makompyuta makumi atatu ali chiyakire,
iliyonse ikanamuuza tanthauzo lake m'kuphethira kwa diso.
Iye wazimitsa yake,
wavala chikwama,
watsika masitepe kukalowa mu mvula.