Nthambi ya Makumi Asanu ndi Imodzi

Mvumbi wa ku Luwinga sudziwa Lamulungu.
Lero ndi tsiku lachinayi, masokosi sanaumebe,
ndipo ndakhala pabedi, laputopu pamaondo
ikundifunditsa ngati kambaula.

Pakati pa sikirini ndalemba liwu limodzi: MADZI.
Ndalizunguliza.
Kuchokera pamenepo nthambi zatuluka
ngati chinangwa pochizula:
njerwa zosawotcha,
ngalande zotsekeka ndi majumbo,
mapuloti a m'dambo, lendi, khonsolo,
mtsetse wa ku Masasa
kumene makoma amagwada usiku anthu ali m'tulo.
A Dokotala Chavula akufuna mutu wachiwiri Lolemba.

Pulogalamuyi anandionetsa ndi Fiskani.
"Mapu a maganizo awa, mwana wakwithu. Ndi yaulere."
Sanandiuze kuti ulere uli ndi mpanda.
Nthambi makumi asanu, basi.
Ndimati ndiwonjezere ina
kabokosi kobiriwira katulukira,
kaulemu ngati mlonda wa ku banki:
maganizo anu akula, tikukunyadirani,
madola asanu ndi atatu pamwezi
kuti apitirize kukula.

Ndawasintha pa mtengo wa ku banki, ndaseka.
Ndawasintha pa mtengo wa anyamata a pa depoti,
phwete latha.
Limenelo ndi thumba la makala,
kuphatikiza kabaza wa sabata yathunthu,
kuphatikiza bonya.
Ndalama za pafoni sazifuna, akufuna khadi.
Khadi yanga imangodziwa kulavula makwacha pakhoma,
sinawolokepo nyanja chibadwire.

Koma yolipirayo kukongola kwake!
Nthambi zopanda malire, iliyonse ndi mtundu wake,
ndipo akuti zonse adzandisungira kumitambo.
Kumitambo.
Ndasuzumira pawindo.
Kuno ku Mzuzu mitambo tili nayo yaulere,
ndipo chilichonse imasunga
imadzatibwezera padenga.

Fiskani wayankha pafoni:
ilipo ina, yaulere zenizeni, yopanda mpanda,
anaipanga anthu ongodzipereka,
kungoti nkhope yake ili ngati fomu ya ku boma,
ndipo kuti uitsitse
bandulo yako idzakomokera panjira.
Nthambi zako zonsezo udzazibzalanso ndi manja,
imodziimodzi, ngati mbande za fodya.

Kapena ndiduleko imodzi, malo apezeke.
Ndidule iti?
Khonsolo? Idzati sinalipo pamlandu.
Lendi? Ndiye amene anatsitsira anthu kudambo.
Majumbo ndi ang'ono,
koma ndinawaona ndi maso anga atatseka kalavati pa Chibavi.
Chala chazungulira, chazungulira,
ngati nkhuku yofuna poikira.

Nthambi imene yatsala panjayo
si mfundo ya m'buku ayi.
Ndi azakhali anga, aNyaMsowoya,
amene khoma la kukhitchini linawagwera mwendo chaka chatha
akuthamangira kukapulumutsa ufa.
Pano amagulitsa nthochi atakhala pansi,
ndodo ili pambali ngati mwana womvera.
A Dokotala anandiuza kale
kuti dzina la wachibale si umboni wa kafukufuku.
Pulogalamu nayo yagwirizana nawo,
yokhayo yatchula mtengo.

Magetsi athima.
Batire yatsala pang'ono, yafiira diso.

Ndang'amba kapepala kukalendala ya chaka chatha,
mwezi wa Epulo, womwewo,
ndalemba dzina lawo ndi bolopeni yokanika,
ndamata ndi selotepi m'mphepete mwa sikirini,
theka mkati, theka kunja,
pamene nthambi ya njerwa zosawotcha yathera.
Kabokosi kobiriwira sikanaone.

Mawa, mvula ikapumako,
ndikakhala pakhonde la laibulale, pamene intaneti imagwira,
ndikatsitse ya nkhope ya fomu ija.
Kapena ayi.
Kapena ndidzalipira tsiku lina, ndili pantchito,
nditavala nsapato zosalowa madzi,
maganizo anga atachepa moti n'kukwana mumpanda.

Pakali pano denga layamba kudontha pakona,
ndipo beseni ndinabwereketsa.